Fulashi Isaloze Kumaso: Kasankhidwe ndi Kagwiritsidwe Ntchito ka Fulashi Yomangirira pa Kamera

Aliyense amene anajambulapo ukwati m'holo nthawi ya perekaniperekani akuzidziwa zithunzi zimene ndikufuna kunena. Diresi la mkwatibwi latuluka loyera mbee ngati pepala, maluwa onse osokedwa pachifuwa osaoneka. Chipumi cha mkwati chikunyezimira ngati wadzola mafuta ophikira. Kumbuyo kwawo kuli mdima wa ndiweyani, moti achibale amene anakwera lole m'bandakucha kuti adzaone mwana wawo akukwatiwa sakuoneka ndi mmodzi yemwe. Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti kamera ndi yachikale. Kamera ilibe mlandu. Cholakwa ndi kafulashi kotumphuka pamwamba pa kamera kaja, kapena fulashi yaikulu imene yalozetsedwa kumaso kwa anthu ngati tochi.

Kuwala kochokera pa kanthu kakang'ono kumakhala kolimba, kumasiya mithunzi yakuthwa. Kuwala kochokera pamalo otakasuka kumakhala kofewa. Taganizani nkhope ya munthu padzuwa la mu Okutobala, kenako nkhope yomweyo tsiku la chiperoni, thambo lonse litaphimbidwa ndi mitambo. Dzuwa ndi lomwelo, koma mitambo yalimwaza n'kukhala ngati nyali imodzi yaikulu. Ntchito yonse ya fulashi yomangirira pa kamera yagona pamenepa: imakupatsani mpata wotembenuza kuwala, kuti kukagunde khoma kapena siling'i, kenako kubwerere kwa munthu kuli kofewa komanso kuchokera m'mbali.

Musanatulutse ndalama, yang'anani pamwamba pa kamera yanu

Pamwamba pa kamera pali kachitsulo kolowetsamo phazi la fulashi, kamene ojambula amakatchula kuti hot shoe. Pakati pake pamayenera kukhala kadontho kamodzi kakakulu kachitsulo, ndi timadontho tina tating'ono pafupi nako. Kakakuluko ndi kamene kamauza fulashi kuti "yaka tsopano". Tating'onoto ndi tolankhulirana zina, ndipo kampani iliyonse inatiyala mosiyana. N'chifukwa chake fulashi ya Nikon siingamvane mokwanira ndi kamera ya Canon. Makampani opanga mafulashi otsikirako mtengo, monga Godox, amalemba chilembo kumapeto kwa dzina: TT685 yokhala ndi C ndi ya Canon, N ndi ya Nikon, S ndi ya Sony, F ndi ya Fujifilm. Mukamatuma m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London kuti akugulireni, mutumizireni dzina lonse mpaka chilembo chomalizacho.

Eni makamera a Canon EOS 4000D ndi 250D achenjere kwambiri. Makamera amenewa anatuluka opanda kadontho kapakati kaja, ndipo 2000D zambiri zili chimodzimodzi. Fulashi ya phini imodzi, yodalira kadontho kapakatiko kokha, ngati Godox TT600 kapena Yongnuo YN560 mukaiika pamenepo siiyaka. Ndinaonapo mnyamata atagula fulashi yatsopano Lachisanu, ukwati uli Loweruka, n'kugona akuganiza kuti amugulitsa yakufa, pomwe vuto linali kadontho kosowako. Ngati n'kotheka, pitani ndi kamera yanu kogulako, muiikepo fulashiyo, mujambule chithunzi chimodzi musanalipire.

Mafulashi akale a pa kaunjika nawo ali ndi msampha wawo. Ena a nthawi ya makamera a filimu, monga Vivitar 283 zoyambirira za m'ma 1970, amatumiza magetsi opitirira mavoti 200 kuphazi kwawo, ndipo akhoza kuwotcha zam'kati mwa kamera yamakono. Kutchipa kwake kusakunyengeni.

Zofunika kuona pa fulashiyo

Choyamba ndi khosi. Mutu wa fulashi uzitha kuweramuka kuloza kumwamba, komanso uzitha kuzungulira kumanja ndi kumanzere mpaka kuloza kumbuyo kwanu. Fulashi yongoweramuka koma osazungulira ine sindingakulangizeni kugula, ngakhale ikhale ya dzina lotchuka, chifukwa mukangopendeketsa kamera kuti mujambule chithunzi choimirira, mutuwo uloza kumbali ndipo simungathenso kuubweza kudenga.

Chachiwiri ndi kusankha pakati pa TTL ndi manual. Fulashi ya TTL imayamba yaphethira pang'ono chithunzi chisanajambulidwe, kamera n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera kudzera mu lenzi, n'kuuza fulashi mphamvu yoti itulutse. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa moti maso amaona ngati yayaka kamodzi. Canon amaitcha E-TTL II, Nikon amati i-TTL. Fulashi ya manual ilibe nzeru zimenezi. Mphamvu mumaika nokha, kuyambira yonse, 1/1, kutsika 1/2, 1/4, mpaka 1/128. Ngati ntchito yanu ndi ya maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano, komwe munthu ali apa pano, kamphindi kena ali uko akuvina, gulani ya TTL, poti nayonso imalola kuika manual mukafuna. Ngati mumajambula anthu atakhala pamalo amodzi, kapena katundu wogulitsa, ya manual ikukwanirani ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Chachitatu ndi mphamvu, imene imalembedwa ndi nambala yotchedwa guide number. Kawerengedwe kake n'kosavuta: gawani nambalayo ndi f-number imene mwaika (nambala yosonyeza mmene kabowo kolowetsa kuwala ka lenzi katsegukira), mupeza mamita amene kuwala kungafike pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala). Koma pabokosi amalemba nambala yokopa. Canon 600EX amailemba 60, koma 60 ameneyo ndi pomwe mutu wa fulashi wapanikiza kuwala ngati wa lenzi ya 200mm. Pa 35mm, pomwe ambiri timajambulira m'holo, nambalayo ndi 36. Ndiye pa f/4 kuwala kufika mamita 9. Mukakweza ISO kufika 400, mtundawo uwirikiza kawiri, mamita 18. Kafulashi kotumphuka kaja nambala yake siidutsa 13 pa makamera ambiri, ndiye mukuona kusiyana kwake. Mphamvu yochulukayi siyowalitsira anthu kwambiri ayi. Ndi yoti ikatayikeko ina pogunda khoma, yotsalayo n'kukwanirabe.

Pa mabatire pali njira ziwiri. Mafulashi monga Godox V860 ndi V1 ali ndi batire lawolawo la lithium, limene limakhalitsa ndipo fulashi imadzaza msanga. Ena amadya mabatire anayi a AA. Kwa ife amene timajambula kumidzi komwe kulibe magetsi, kapena m'tauni magetsi atathima usiku wonse, AA ali ndi ubwino woti zikavuta mumawapeza pa okala. Komabe a pa okalawo akhale a pangozi basi. Gulani otchaja a NiMH, monga Eneloop, magulu atatu a anayianayi, ndipo gulu lililonse mulilembe chizindikiro kuti musamasakanize otopa ndi odzaza.

Yambani ndi fulashi yozimitsa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chithunzi cha fulashi chili ndi kuwala kuwiri: kumene kulipo kale pamalopo, ndi kumene mukuwonjezera. Mukangoyatsa fulashi kamera ili pa auto, kamera imadalira fulashi yokha, n'chifukwa chake kumbuyo kumada bii.

Mukalowa m'holo, ikani kamera pa M, pomwe zonse mumaika nokha, fulashi isanayake. Yambirani pa shutter speed (nthawi imene shutter, chitseko cholowetsa kuwala mu kamera, imakhala yotseguka) ya 1/125 ya sekondi, f/4, ISO 800. Ngati lenzi yanu ndi ija imabwera ndi kamera, 18-55mm, imene imatsekeka kufika f/5.6 mukakoka, kwezani ISO kufika 1600. Jambulani holoyo. Chimene mukufuna n'choti nsalu zokongoletsa, mababu ndi anthu okhala kumbuyo azioneka, koma chithunzicho chikhale chakudako pang'ono kusiyana ndi mmene mungachifunire. Chikada kwambiri, tsitsani shutter speed kufika 1/60 kapena kwezani ISO. Mukakhutira, yatsani fulashi kuti iwalitse anthu amene ali patsogolo panu.

Sungani mumtima mfundo iyi, chifukwa idzakupulumutsani kambirimbiri. Fulashi imayaka kwa kanthawi kochepa kwambiri kuposa nthawi imene shutter imakhala yotseguka, choncho kusintha shutter speed kumasintha kuwala kwa kumbuyo kokha, osati kwa fulashi. Aperture (f-number ija) ndi ISO zimakhudza zonse ziwiri. Kumbuyo kukada, gwirani shutter. Nkhope ikawala mopyola, tsitsani mphamvu ya fulashi.

Shutter ili ndi malire ake otchedwa sync speed, amene pa makamera ambiri ndi 1/200 kapena 1/250. Mukapyola pamenepo, mbali ina ya chithunzi imatuluka ndi mzere wakuda, chifukwa chotsekera cha shutter chimakhala chayamba kale kutseka fulashi ikamayaka. Mukaona mzere umenewu musadandaule kuti kamera yawonongeka, ingotsitsani liwiro.

Kugunditsa kuwala pakhoma

Tsopano tembenuzani mutu uja. Musanajambule, yang'anani mozungulira, mufunefune malo oyera aakulu amene ali pafupi: siling'i, khoma, nsalu. Kuwala kumanjanja ngati mpira wa pa tebulo la pulu, ngodya imene kwagundira ndi imene kumabwererera. Ndiye dzifunseni kuti mukanakhala ndi windo lalikulu m'chipindamo, mukanafuna likhale pati kuti munthuyo aoneke bwino. Lozani fulashi pamalo amenewo.

Nthawi zambiri malo abwino amakhala kumbuyo kwanu, cham'mwamba, chakumbali pang'ono, ngati mukuponya kanthu kudutsa paphewa. Kuwala kukabwerera kuchokera kumeneko kumagwa pankhope mopendekera, tsaya lina lowala, lina lakudako pang'ono, ndipo munthu amaoneka wamoyo. Kuloza kumwamba chindunji munthu ali pafupi kumasiya mdima m'maso ndi pansi pa chibwano. Mukakakamizika kutero, tulutsani kakhadi koyera kamene kali m'mutu mwa fulashi, kaponye kuwala pang'ono kutsogolo, maso akhale ndi kadontho kowala.

Mabuku a ojambula akunja amalankhula ngati chipinda chilichonse chili ndi siling'i yoyera yotsika. Kwathu kuno matchalitchi ndi maholo ambiri ali ndi denga lamalata lopanda siling'i, lalitali, lokhala ndi mitanda yamatabwa. Malata akale adzimbiri amameza kuwala, ndipo kochepa kobwererako kumakhala kofiirira. Pamalo otere siyani denga, funani khoma. Makoma ambiri a m'makalasi ndi m'maholo amapakidwa utoto woyera kumtunda, kumunsi n'kupaka wobiriwira kapena wabuluu; lozani kumtundako, chifukwa kuwala kumatenga mtundu wa chimene kwagunda, ndipo nkhope yobiriwira ndi yovuta kuikonza pa kompyuta. Khoma likatalikira kupitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, kwezani ISO m'malo mokakamiza fulashi. Zonse zikakanika, dulani chikatoni choyera chachikulu ngati chikhatho chotambasula, muchimangirire kumbuyo kwa mutu wa fulashi ndi labala, mutuwo uloze kumwamba. Sichifewetsa ngati khoma, koma chimaposa kuloza kumaso. Pojambula banja litaima pamodzi, mnzanu akhoza kugwira nsalu yoyera yapabedi chakumbali kwanu, inu n'kugunditsa pamenepo.

Tenti yoyera ya paukwati ndiye mphatso yeniyeni kwa wojambula. Denga lake ndi lotsika, loyera, lotakasuka; kulikonse kumene mungaloze kuwala kumabwerera kofewa. Chenjerani ndi matenti amizeremizere kapena okutidwa nsalu zamitundu, muyang'ane chigawo choyera.

Panja usiku, pomwe kumwamba kuli nyenyezi zokha, kuloza fulashi m'mwamba n'kungotaya mabatire. Ndimaona ambiri akuchita zimenezi chifukwa anaona ena akutero m'nyumba. Palibe chobweza kuwalako. Pamenepo lozani kutsogolo, mphamvu ikhale yochepa, ISO ikhale yokwera kuti nyali za pamalopo zithandizeko.

Khungu lathu ndi diresi loyera

TTL siidziwa kuti ikuyang'ana ukwati. Ikaona zoyera zadzaza chithunzi, monga diresi ndi velo, kapena amayi a chigwirizano atavala mabulauzi oyera, imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kuchepetsa mphamvu, nkhope n'kuda. Ikaona masuti akuda ndi mdima kumbuyo imawonjezera, zoyera zonse n'kupsa. Mankhwala ake ndi batani la flash exposure compensation, lokhala ndi chizindikiro cha mphezi ndi +/-. Zoyera zikachuluka, onjezerani +2/3 kapena +1. Zakuda zikachuluka, chotserani chimodzimodzi. Yatsaninso chenjezo la highlight pa kamera, lija limaphethiraphethira pamalo amene apsa. Diresi likamaphethira lonse, mwapyola.

Khungu lakuda limaoneka bwino chifukwa cha kunyezimira kwake, osati chifukwa cholithira kuwala kochuluka. Fulashi yoloza kumaso imasiya timadontho toyera pachipumi, pamphuno ndi pamasaya, makamaka munthu akatuluka thukuta povina. Kuwala kobwerera pakhoma kumasiya kunyezimira kotambalala kofewa kumene kumaonetsa maumbidwe a nkhope. Musayese kuyeretsa munthu ndi fulashi. Mtundu wa khungu lake utuluke mmene ulili, wakuda akhale wakuda wokongola. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, ngati kamera ikulola, kuti mudzathe kukweza mithunzi pang'ono osawononga diresi.

Za mtundu wa kuwala ndingonena mwachidule. Fulashi imatulutsa kuwala kofanana ndi kwa masana, pafupifupi 5500K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, pomwe mababu achikasu ali cha m'ma 3000K. Mukaona anthu akutsogolo ali bwino koma kumbuyo kuli chikasu chodetsa, matani kapulasitiki kaolenji kotchedwa CTO pamutu wa fulashi, white balance, imene imauza kamera mtundu wa kuwala, muiike pa tungsten, ya mababu achikasu.

Masana dzuwa likuswa mtengo

Fulashi si ya usiku wokha. Zithunzi zambiri za ukwati zimajambulidwa anthu akangotuluka m'tchalitchi, dzuwa lili paliwombo, maso ali m'maenje amdima. Omaliza maphunziro nawo chipewa chija chimaphimba theka la nkhope. Atembenuzeni anthuwo kuti dzuwa likhale kumbuyo kwawo kapena chakumbali, asiye kutsinzina. Ikani ISO 100, 1/200, f/11, muone ngati thambo ndi mitengo zatuluka bwino. Kenako lozani fulashi kwa iwo mwachindunji, TTL itachotseredwa -1, kuti ingodzaza mithunzi popanda kuonekera kuti panali fulashi. Kumbukirani masamu aja: 36 kugawa ndi 11 ndi mamita atatu okha ndi pang'ono. Mukaima patali, fulashi siithandiza kanthu. Ngati pamutu wa fulashi mwavekapo kachipewa koyera kapulasitiki komwaza kuwala, kachotseni, panja kamangodya mphamvu.

Mukafuna kumbuyo kosungunuka pa f/2.8 masana, shutter iyenera kupyola sync speed, ndipo pamafunika high-speed sync, imene Nikon amaitcha Auto FP. Imadya mphamvu kwambiri, choncho muyandikire. Makamera a Nikon a mndandanda wa D3000 ndi D5000, monga D3500 ndi D5600, alibe njira imeneyi ngakhale fulashi ikhale nayo. Kwa eni makamera amenewa, njira yabwino ndi kuwaimika anthu pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo wa masamba othithikana.

Kuichotsa pa kamera

Mukazolowera zonsezi, gulani trigger, kachipangizo kokhala pa hot shoe kamene kamayatsa fulashi ili patali kudzera pa wailesi ya 2.4GHz. Godox X2T ndi XPro zimamvana ndi mafulashi a kampaniyo, kuphatikizapo TT600 yotchipa ija. Onjezerani choimikira ndi ambulera yoyera yojambulira. Imikani fulashi chakumbali kwa munthu, pakati pa kutsogolo ndi mbali yake, pamwamba pang'ono pa mutu wake, ambulera italikirane naye mita imodzi ndi theka. Ikani manual, 1/8, ISO 200, f/5.6, 1/160. Jambulani, yang'anani, sinthani chinthu chimodzi chokha, jambulaninso. Kuchoka pa 1/8 kupita pa 1/4 n'kuwirikiza kuwala kawiri. Yang'anani mthunzi wa mphuno: uzigwera pansi chakumbali pang'ono, usafike pamlomo. Panja ambulera imagwira mphepo ngati thanga la bwato, ndiye pakhale munthu woigwira kapena mumangirire chikwama cholemera kumiyendo ya choimikiracho.

Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Izi zimaonekera pojambula gulu. Mzere wakutsogolo ukakhala mamita awiri kuchokera pa fulashi, wakumbuyo mamita anayi, akumbuyowo alandira kotala chabe. Bwezani fulashi m'mbuyo kuti akutsogolo akhale pa mamita asanu ndi limodzi, akumbuyo asanu ndi atatu. Tsopano akumbuyo alandira kupitirira theka, ndipo agogo amene aima kumapeto aoneka bwino ngati ana amene agwada kutsogolo.

Njira yabwino yophunzirira ndi madzulo amodzi kunyumba. Khazikani m'bale wanu pampando pabalaza, mujambule fulashi ikuloza kumaso, kenako kudenga, kenako kukhoma lakumanja, kenako kumbuyo kwanu. Ziikeni zithunzi zinayizo pamodzi pa kompyuta, muyang'ane maso, chipumi ndi khoma lakumbuyo kwake.

Patsiku la ntchito, kaonaneni ndi abusa kapena ansembe mwambo usanayambe, muwafunse nthawi imene fulashi ikuloledwa. Ambiri safuna kuphethiraphethira pa nthawi ya pemphero ndi ya malumbiro. Musaombe fulashi pafupi ndi maso a khanda kapena kwa woyendetsa galimoto ya akwati ali pamsewu. Mukaiyatsa motsatizana pa mphamvu yonse maulendo makumi awiri kapena atatu imatentha, ndipo yambiri imadziletsa yokha kufikira itazizira, choncho nthawi ya magule kwezani ISO kuti izigwira ntchito pa 1/8 kapena 1/16. Ikawonongeka musaitsegule nokha, chifukwa m'kati mwake muli chosungira magetsi cha mavoti pafupifupi 300 chimene chimagwira munthu ngakhale mabatire atachotsedwa. Mukafika kunyumba chotsani mabatire musanaiike m'chikwama, poti a alkaline akakhalitsamo amatuluka madzi oyera amene amadya tizitsulo, ndipo nyengo ya dzinja muisunge pouma pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.